Khosi la Mtsuko ku Ostia

Pa 2 Novembala 1968, tsiku lokumbukira akufa, Iole Baldrati anaweruka mochedwa. Anzake a m'nyumba yotsukira mapale ofukulidwa m'mabwinja a Ostia, doko lakale la Aroma, anachoka masana, maluwa ali m'manja, ulendo wa kumanda. Womaliza anali Egisto, kapitawo wokalamba wa okumba.

"Mwatsalanso, a Iole? Mapalewo adikira zaka pafupifupi zikwi ziwiri, sathawa lero."

"Pitani, a Egisto, akufa anu angakudandauleni."

Iye anatsala dala. Amayi ake anaikidwa kutali, ku Ravenna, ndipo bambo ake analibe manda. Bambowo, Nullo Baldrati, wokumba m'mabwinja omwewa, anatuluka pakhomo Lamulungu pa 15 Seputembala 1940, kusiya Iole, wa zaka zisanu ndi chimodzi, akubuula ndi malungo. Sanabwerenso. Amayi ankati anathawa ndi mkazi wina, ndipo chithunzi chake chimodzi chokhacho anachiponya pamoto. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu Iole anasenza funso limodzi: munthu amasiya bwanji mwana akudwala?

Anakhoma chitseko nthawi ya sikisi, kutada kale. Kukafika pachipata ndi kilomita imodzi, pamsewu wa miyala yakuda umene ngolo za Aroma zinaudya mizere. Nkhungu inali kukwera kuchokera ku mtsinje wa Tevere. Pano pankakocheza zombo za tirigu wa ku Afirika, koma mchenga unatseka doko, nyanja n'kubwerera makilomita atatu, anthu n'kusamuka. Zimene zinatsala ndi makoma a njerwa ndi zithunzi za zombo zoyalidwa pansi ndi timiyala.

Atafika pa nkhokwe zakale za tirigu, anamva fosholo. Khwe... khwe... khwe...

Anaima. Nayo inaleka.

Anayenda. Kumbuyo kunamveka mapazi olemera, onyowa.

"Pepani, mayi. Kodi mvula yakata?"

Mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, chipewa chakale kumutu, fosholo paphewa. Matope kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, m'makutu momwe.

"Mvula yake iti, bambo? Sabata yonse sikunagwe dontho."

"Ndinangobwerera kachitini kanga," anatero mlendoyo, akuyenda pambali pake. "Ndinakaiwala m'dzenje dzulo poweruka. Mutu wangawu ndi dzungu, mkazi wanga amatero. Muli kwinini mmenemo, mankhwala a malungo. Kunyumba ndasiya mwana akutentha ngati ng'anjo."

Iole anafulumiza miyendo. Tochi yake inaunika miyala youma. Mapazi a munthuyo sankasiya chizindikiro.

"Mukudziwa liwiro la chaka chino," anapitiriza. "Aboma afuna mzinda wakalewu ufukulidwe wonse chionetsero chachikulu cha mayiko chisanafike. Ndiye timakumba cham'munsi, kufooketsa khoma la dothi kuti lizigwa lokha, ngolo zidzaze msanga. Mvula ikagwa pakhoma lotere..."

Chaka chino! Kukumba kothamanga kuja kunali kwa 1938 mpaka 1942. Chionetserocho sichinachitike n'komwe, nkhondo inachidya.

Iole anapitiriza kuyenda osacheuka. Chipata cha Aroma chinaoneka. Kunja kwake, mbali zonse za msewu, manda akale.

Mlendo anaima pachipata, ngati wagwidwa ndi chingwe.

"Akale aja anali ndi chifundo. Tsidya la mtsinje ndinaona ndi maso angawa. Mmphawi akafa, ankazika khosi la mtsuko pamutu pake, kuti abale azimuthirirapo vinyo. Ine ngakhale kabowo kopumira..." Analoza kumbuyo, pa mulu wa dothi kuseri kwa nkhokwe, pomwe panamera mtengo wa paini. "Mukamadutsa kuseri kwa linga la m'mudzi mwathu, nyumba yachitatu, mukauze kanyerere kanga kasalire. Ndikubwera."

Kanyerere!

Padziko lonse munthu mmodzi yekha ndiye ankamuitana motero.

Tochi inagwa. Anaitola. Anaunika uku. Uko. Nkhungu yokhayokha.

"Bambo!"

Zii.

Kenaka kutali, pansi pa nthaka... khwe... khwe...

Lolemba linali la tchuthi. Lachiwiri pa 5 Novembala, Iole anapeza Egisto akunola piki, namufunsa za mulu wa kuseri kwa nkhokwe uja.

"Mulu uwo? Tinauthira ndife mu 1940," anatero mkuluyo. "Mulibe kanthu, mwana wanga, ndi dothi lotaya. Lolemba lina tinapeza dzenje lagumuka ndi mvula ya dzulo lake, tinangokhuthulira ngolo pamwamba. Nthawi yofukulanso ikanachokera kuti?"

"Lolemba liti?"

Egisto anakumbukira kuti Nullo anasowa dzulo lake la Lolembalo. Anaitana amuna anayi.

Anakumba masiku awiri. Pa mamita atatu ndi theka, pafupi ndi khoma la nkhokwe, fosholo inagunda fosholo inzake. Pambali pake panali mafupa a munthu atagwada, nkhope pansi, dzanja lamanja pachifuwa. M'dzanjamo munali kachitini kadzimbiri, ndipo m'kati mwake kabotolo ka mibulu khumi ya kwinini, chotsekera chake chisanatsegulidwe.

Egisto anavula chipewa.

"Nullo... Iwe Nullo. Ndipo ife tinkakunena m'nyumba ya mowa, ati wathawa ndi mkazi wa eni."

Dokotala analemba kuti anali mwamuna wa zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo anafa ndi kusowa mpweya. Iole anawerenga pepalalo kawiri. Anali atawaposa kale bambo ake ndi zaka zinayi.

Anawaika Loweruka pa 16 Novembala. Anthu atabalalika, iye anatulutsa mtsuko watsopano wogula pamsika, nauphwanya tako ndi mwala, nazika khosi lake kumutu kwa manda. Anathiramo vinyo pang'onopang'ono mpaka dothi linaleka kumwa.

Anagwada, naika pakamwa pabowolo.

"Bambo, ndine. Malungo aja anatha."