Kusaka Mtchona pa Mtsinje wa Kafue

Ku Nzama munthu sanyamuka ulendo wopanda chifukwa. Ukaona wina wamanga chikwama ndiye kuti kwagwa maliro, kapena akupita kuchipatala, kapena wamva za ntchito. Tsono itamveka mbiri yoti mphunzitsi Salome ndi amuna ake a Maynard akupita ku Zambia kukangopuma, anthu anagwira pakamwa. Kupuma! Kodi mphasa zatha kunyumba kwawo?

Anawaitana ndi mwana wawo Kingston, yemwe ankagwira ntchito ya mafoni ku Lusaka. Munali m'tchuthi cha Epulo chaka cha 2001. Mnyamatayo anati asankhe okha, kukaona mathithi kapena kukaona nyama. Salome anasankha mtsinje wa Kafue, ndipo sanabise chifukwa chake.

Bambo ake, a Goliati Ngozo, anachoka iye ali ndi zaka zisanu kukagwira ntchito m'mafamu a azungu. Analemba kalata imodzi yokha, yonena kuti ali kwa mzungu wotchedwa Chindevu, m'mbali mwa Kafue. Kenako zii. Zaka makumi anayi zinadutsa. Salome anakula, anaphunzira, anakwatiwa, koma njala ya bambo sinamuthere. Nkhope yawo anaiiwala. Chimene ankakumbukira ndi phewa lokha limene ankamukwezapo popita ku misa.

Atapita kukatsanzika mayi ake, a Zelesi, anawapeza akusankha mbewu ya kachewere pakhonde.

"Ngati ali moyo, usakawakalipire," anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Ngati anafa, anafa. Ine ndikufuna chimodzi chokha. Ukafunse ngati ankatitchula."

Anakwera minibasi pa Boma la Ntcheu, nadzera ku Lilongwe, Mchinji, Chipata mpaka Lusaka. Salome ananyamula kathumba ka kachewere wophikaphika ndi mtedza wokazinga. Kingston ataona anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Amayi, kumene tikupitako kuli ophika ovala zipewa zoyera. Mbatatayi ndi ya chiyani?"

"Ophika akowo sindikuwadziwa," anatero Salome, nakapanira kathumbako m'khwapa.

Kingston anali atafufuza kale. Famu ya Chindevu inagulitsidwa kalekale, ndipo nyumba ya mzunguyo anaisandutsa yogona alendo. Anaisiya monga inalili, khonde lalikulu lozungulira, mabedi achitsulo, mbaula yankhuni, nyanga za njati pamwamba pa chitseko. Azungu ankabwera kuchokera kutali kudzagona m'zinthu zakalezo n'kumajambula. A Maynard anayang'ana bafa lachitsulo la miyendo inayi nati kwawo akadamwetseramo ng'ombe.

Salome sanaone bafa. Anaima pa khoma la zithunzi. Panali mzungu wandevu, mkazi wake, akavalo awiri ndi galu, onse olembedwa mayina pansi, galu yemwe. Kumbuyo kwawo kunali mzere wa antchito akuda oposa makumi awiri, opanda dzina ngakhale mmodzi. Anayendetsa chala pankhope iliyonse. Uyu? Kapena uyu? Aliyense akanatha kukhala bambo ake. Mtima unamuwawa koopsa.

Anamuthandiza ndi nkhalamba ina yosamalira maluwa, yolankhula Chinyanja.

"A Goliati a ku Nyasalande? Ndinkawadziwa. Famu itagulitsidwa antchito onse anawachotsa. Iwo anatsikira kumunsi, pa kachilumba ka asodzi. Ndi kale limenelo, sindikudziwa ngati alipo. Msewu kulibe, n'pamadzi basi."

Nyumbayo inkabwereketsa boti la injini loti alendo aziyendetsa okha. Woyang'anira maboti anawaveka majekete oyandamitsa, nawaonetsa mapu, poyatsira ndi chiwongolero.

"Maola atatu kupita. Muziyenda pakati, mupewe namasupuni, zomera zoyandama pamadzi. Mukaona mvuu, chepetsani moto, muzilambalale patali. Mubwere dzuwa lisanalowe. Ayendetse ndani?"

"Funso limenelo!" anatero a Maynard. "Zaka makumi awiri ndikutsitsa lole ya kachewere kuchoka ku Tsangano, m'matope, mabuleki ali theka. Kabafa aka kangandivute?"

Abale, mwamuna wa ku mapiri, amene mtsinje waukulu womwe ankaudziwa ankauwoloka atangopinda buluku! Boti litangochoka padoko phazi lawo linayamba kufufuza pansi.

"Kingston, mabuleki ali pati?"

"Palibe, ababa."

"Palibe? Nanga chimaima bwanji chinthuchi?"

Komabe pasanathe ola anazolowera, nayamba kuimba nyimbo za ngoma. Mtsinje unatambalala, mbali zonse kuli bango ndi dambo losaoneka malire. Panalibe phiri ngakhale limodzi. Salome anadabwa kuti munthu wobadwira ku Nzama anakhala bwanji m'dziko lopanda phiri, maso ake ankawapumitsa pati. Kingston ankaloza mbalame n'kumajambula. Mayi ake ankangoyang'ana kutsogolo.

Atakhota pa gomo lina la mchenga anazipeza. Mvuu zisanu ndi ziwiri, makutu okha ali pamwamba, zitatseka njira.

"Chepetsani, ababa! Tidzere kumanzere!"

"Kumanzereko kuli zomera zija. Izi ndi ng'ombe za m'madzi basi. Ng'ombe ukaiopa imagona pamsewu."

Ndiye anachita zimene ankachita pa Lizulu ng'ombe zikadzaza msewu. Anaimba likhweru, namenya m'mbali mwa boti ndi chikhatho, nawonjezera moto. Mvuu zinamira zonse. A Maynard anatembenuka kuti adzitame.

Phuu! Boti linanyamuka kumbuyo ngati lakwera chulu. Salome anagwera pansi, bokosi la zakudya linauluka n'kugwera m'madzi. Pambali pawo panatuluka chimutu, kukamwa kuli yasa, mano ngati mipini ya makasu. Kumbuyo kwake kunali kamwana. Boti linali litadutsa pakati pa mvuuyo ndi mwana wake.

"Mayi Maria!" anakuwa a Maynard.

Mvuuyo inaluma kumbuyo kwa boti, injini inakhosomola n'kuzima. Kingston anatola nkhafi napalasa ngati wamisala. Madzi anawathandiza, anawakokera kumunsi. Mvuu inawatsatira pang'ono, kenako inabwerera kwa mwana wake ikufwenthera.

Anakaima m'kati mwa namasupuni, zomera zoyandama zija zitawazinga mbali zonse. Kingston anaweramira kumbuyo.

"Mapiko opalasa madzi apindika. Injini yatha ntchito. Madzi akulowanso apa."

"Foni yako?" anafunsa Salome.

"Kuno sikugwira."

"Iwe wa mafoni amene?"

Palibe anaseka. A Maynard anavula chipewa nayamba kukapa madzi nacho. Kumadzulo kunada, mphepo inadzuka, ndipo mvula yotsiriza ya chaka inawakhuthukira. Mafunde ankamenya boti, mphezi zikung'anima padambo ponse. Anakapa madzi ndi chipewa, ndi nsapato, ndi manja. Itakata mvula onse ankanjenjemera, njala itawagwira m'mawondo.

Salome anamasula kathumba kake. Kingston anadya mbatata zinayi osasenda, maso ali pansi.

"Tibwerere," anatero mnyamatayo atameza. "Tikakamira kumtunda m'mbali mwa bango, mwina tikumana ndi otisaka."

"Kubwerera n'kulimbana ndi madzi, ndiponso mvuu zija zili komweko," anatero Salome. "Chilumba chili kumunsi. Ine sindinachoke ku Ntcheu kudzathera m'masamba muno."

A Maynard anadzutsa mutu. "Amayi a Kingston, ndakulakwirani. Ndipatseni nkhafiyo."

Salome anang'amba namasupuni ndi manja, mwana akukankha, bambo akupalasa. Pa mchenga wina ng'ona inatsetserekera m'madzi, Salome anabweza manja msanga. Zikhatho za a Maynard zinatuluka matuza n'kuphulika, koma nkhafi sanaisiye. Dzuwa litapendeka anaona utsi, kenako timisasa taudzu ndi maukonde oyanikidwa.

Asodzi anawakokera kumtunda. Salome sanadikire n'komwe kuti afinye chitenje.

"Ndikufuna a Goliati Ngozo, a ku Malawi."

Asodziwo anayang'anana. Mmodzi anawatsogolera kuseri kwa misasa, kumene mayi wina wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu ankatembenuza nsomba pa uvuni wowambira. Atamva dzinalo anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Anali atate anga. Anamwalira mu 1994. Manda ali apo, pansi pa mkuyu."

Salome anakhala pa bwato lovundikira. Ankadziwa kuti zingatero, koma kudziwa sikuchepetsa ululu. Wachedwa ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha, pambuyo podikira makumi anayi! Analira mokweza, kulira kwa pamaliro, asodzi n'kuvula zipewa.

Atatonthola mayi uja anagwada patsogolo pake.

"Inu ndinu a ku Ntcheu," anatero. Sikunali kufunsa.

"Ndine mwana wawo. Iwe dzina lako ndani, m'bale wanga?"

"Salome."

"Ndati dzina lako iwe."

"Ndi lomwelo. Ndine Salome."

Salome wa ku Nzama anamva ngati amuthira madzi ozizira. Kenako mkwiyo unamukwera. Ndiye kuti bamboyo anangopeza mwana wina n'kumuveka dzina lake, ngati malaya a womwalira?

"Anandilowetsa m'malo," anatero.

"M'malo?" Mng'ono wakeyo anaseka kuseka kowawa. "Akulu, ine ndakula ndikukuchitirani nsanje. Akaitana kuti 'Salome', ine n'kuthamanga, nthawi zina ankangondiyang'ana n'kunena kuti, 'Sindikunena iwe.' Akudwala ndiye zinanyanya. Ndinkawamwetsa phala ndine, kuwasambitsa ndine, koma woitanidwa munali inu."

"Nanga osabwera bwanji?"

"Manyazi. Ankati, 'Anzanga anabwerera ndi njinga ndi malata, ine ndikalowa m'mudzi ndi chiyani, mamba a nsomba?' Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Atamva pa wailesi kuti kwanu kwavotedwa anati basi tsopano ndipita. Anagula nsapato. Sanazivale."

Anapita kumanda. Unali mulu wadothi wozunguliridwa ndi zigoba za nkhono, mtanda wake wa nkhafi yothyoka. A Maynard anatsogolera pemphero, manja atakulungidwa m'nsanza. Salome anagwira dothilo nthawi yaitali. Pobwerera anakumbukira chimene anatumidwa.

"Nanga amayi anga, a Zelesi? Ankawatchula?"

Mng'onoyo anaganiza, nayang'ana kumtsinje. Ankaoneka kuti akufuna kupeza kanthu koti apereke.

"Ndisakunamizeni. Dzina limenelo ndikulimva lero."

Asodzi anawagoneka, ndipo m'mawa boti la kunyumba ya alendo linawapeza n'kukoka lawo lija. Alongo awiriwo anagwirana manja mpaka injini italira. Wamng'onoyo anapereka mtolo wa nsomba zowamba ndi nsapato zija, zikadali m'pepala lake. Masiku awiri otsala a tchuthi Salome anagona pa bedi lachitsulo la mzungu, ophika a zipewa zoyera akumubweretsera tiyi, iye akungosinkhasinkha chimene akanene kwa mayi ake. Kunama kunali kosavuta. Ndani akanamutsutsa?

Ku Nzama a Maynard anafika ndi nkhani ya mvuu, ndipo pofika Lamlungu mvuuzo zinali makumi atatu. Salome anapita yekha kwa a Zelesi. Anakhala pansi pakhonde, naika nsapato zija patsogolo pawo.

"Anamwalira, amayi. Manda ndawaona. Izi anagula kuti abwerere nazo kuno."

A Zelesi anazitembenuza, nayang'ana kunsi kwake kosaponda dothi.

"Ankatitchula?"

"Anabereka mwana wamkazi kumeneko. Anamutcha Salome. Akuti mpaka tsiku lomaliza ankaitana dzina limenelo."

"Ameneyo ndiwe. Nanga ine?"

Bodza linali kale pa lilime. Salome anayang'ana nkhope ya mayi ake, yomwe inadikira zaka zonsezo osakwatiwanso, ndipo analephera.

"Ayi, amayi. Mwanayo dzina lanu sankalidziwa."

Salome anayembekeza kuti mayi ake alira. A Zelesi anasisita chingwe cha nsapato ndi chala.

"Wati anamutcha Salome? Anasankha okha?"

"Okha."

"Hee!" Mayiwo anapukusa mutu. "Iwe sukudziwa. Utabadwa, iwo ankafuna ukhale Jessie, dzina la mayi awo. Salome ndinasankha ndine. Tinakangana sabata yathunthu, pa ubatizo ndinangolankhula msanga bambo mfumu atafunsa. Anakwiya, mwezi wonse osalitchula. Ankati ndi dzina lonyansa, la mkazi wamakani ngati ine wolisankha. Ndiye kumeneko anakalisankha okha!"

Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, nakumbatira nsapato zija pachifuwa.

"Pita ukauze amalume ako kuti kuno kuli maliro. Ndikufuna ndiwalire amuna anga."