Namitengo ndi Jekete Lotchipa

Anzake a kusitolo ya mankhwala ankamutchula kuti Namitengo, chifukwa mtsikanayu sankagula ngakhale supuni asanayang'ane kaye pa intaneti kumene ikutchipa.

Kutatsala pang'ono kuti Khirisimasi ikwane, pamalo odikira basi panali piringupiringu. Kutsogolo kwa Namitengo kunaima mnyamata wamtali ngati pholo la magetsi, atakumbatira bokosi la ketulo. Namitengo ataona mtengo womatidwa pabokosipo, analephera kudzigwira.

"Achimwene, pepani, akuberani masanasana!"

Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku, kenako pansi, n'kumupeza. "Andibera ndani, achemwali?"

"Amene akugulitsani ketuloyo. Taonani." Anamuonetsa foni. Ketulo yomweyo, mtundu womwewo, inali yotchipa kwambiri pasitolo ina ya kuseri kwa msewu womwewo.

"Mayo ine! Ndimafulumira, ndi mphatso ya azakhali."

"Kuthamanga si kufika. Risiti muli nayo?"

Anali nayo. Anakabweza ketuloyo limodzi, anakagula inayo limodzi, ndipo basi inawasiya onse awiri, koma palibe anadandaula. Mnyamatayo anali wokonza mafiriji, ndipo aliyense ankangomuti Chimtali. Posiyana anapatsana manambala a foni.

Asanafike n'kunyumba komwe, foni ya Namitengo inalira. Unali uthenga wa Chimtali: "Lero ndapeza chinthu chamtengo wapatali, ndipo sindinalipire kalikonse."

Abale, mtima ungapirire mawu otere?

Chikondi chinayaka ngati moto wa pa udzu wouma. "Duwa langa" m'mawa, "wapamtima wanga" masana. Pa tsiku lobadwa la Chimtali, Namitengo anapeza pa intaneti jekete labuluu, lomaliza, lotsitsidwa mtengo. Anaitanitsa osaganiza kawiri. Batani limodzi linabwera likugwedera, iye n'kulisoka ndi ulusi wofiira poti ndi umene unalipo.

Chimtali analikoleka pamapewa, n'kumupsompsona pachipumi. "Ili ndidzakalamba nalo, duwa langa. Ndikulonjeza!"

Chaka chinazungulira. Ntchito inachuluka kusitolo moti Namitengo anadzidzimuka Khirisimasi ili pakhomo, mphatso ya wokondedwa wake asanagule. Pa nthawi yopuma anakhala kuseri kwa mashelefu, n'kutsegula tsamba limene anthu amagulitsirapo katundu wawo. Nsapato, mawotchi, malamba... kenako chala chinauma.

Jekete labuluu. Batani la ulusi wofiira!

Pansi pake panalembedwa kuti: "Lovalidwa kamodzi kokha. Mwini wake sakulifunanso." Wogulitsayo anali mkazi, wokongola ndithu, akumwetulira pachithunzi.

Misozi inangoti mbwembwembwe. Sakulifunanso? Jekete lokha, kapena ndi wogula yemwe? Nanga mkaziyu analipeza bwanji, ngati si kuchipinda kwa Chimtali?

Analembera Chimtali uthenga: "Malonjezo ako ndi otchipa kuposa jekete lija. Usandiimbirenso."

Foni inalira, inaliranso, iye osayankha. Koma mtima sunamulole kukhala pansi. Analembera mkazi uja ngati wogula, ndipo anauzidwa kuti abwere kusaluni kumene amagwira ntchito.

Ataweruka anapita, maso ali psuu. M'salunimo munkanunkhira mafuta a tsitsi, ndipo mkaziyo anasiya kasitomala atamuluka mutu theka, n'kutulutsa jekete m'jumbo.

"Ndi ili, asisi. Latsopanotsopano."

"Mwini wake ndi ndani wanu?" anafunsa Namitengo.

"Mlongo wanga, wondiponda pamutu." Mkaziyo anayamba kuseka. "Nkhani yake n'njomvetsa chisoni. Anamugulira ndi chibwenzi chake, koma mtsikanayo anayang'ana mtengo n'kuiwala kuyang'ana munthu! Manja a jeketeli amafera m'zigongono. Akatseka mabatani amapuma ngati nsomba yapamtunda."

Namitengo anakumbukira. N'zoona, tsiku lija Chimtali anangolikoleka pamapewa. Ndipo nthawi zonse akamufunsa chifukwa chimene sakulivalira, ankati kunja kukutentha, ngakhale m'nyengo yozizira!

"Nanga osangomuuza mtsikanayo bwanji?"

"Ndinamufunsa zomwezo! Akuti, 'Achemwali, mukanaona mmene maso ake anawalira.' Ndiye akufuna tiligulitse, agule lofanana nalo lalikulupo, ine ndisokepo batani ndi ulusi wofiira kuti mwana wa eni asadziwe. Amuna akakonda, nzeru zimathawira kumapazi."

Azimayi onse a m'salunimo anafa nalo phwete. Namitengo anafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka mwamphamvu. Analowa Chimtali, atavala ovolosi, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, musagulitse! Waona, wakwiya, sakuyankha..." Mawu anamuthera ataona amene waima pafupi ndi galasi.

Mlongo wakeyo anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kenako anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Ndiye ndakhala ndikuwanyogodola alamu anga pamaso pawo?"

"Duwa langa, ndikhululukire," anatero Chimtali. "Ndimaopa kukukhumudwitsa."

"Wandikhumudwitsa ndithu! Ukanangonena kuti lachepa. Ine ndimayesa wapeza wina."

"Wina? Ndimutenge kuti? Ngati nkhani ndi jeketeli, ona!"

Analitsomphola n'kudzikakamiza kulowamo. Manja anaferadi m'zigongono, mapewa anakwera mpaka m'makutu. Atatambasula mikono kuti amukumbatire, kumsana kunamveka kweee!

"Basi, malonda athera pomwepa," anatero mlongo wake.

Namitengo anaseka mpaka kulira, nkhope ataibisa pachifuwa cha ovolosi yonunkha girisi.

"Mphatso yako sindinagule," ananong'ona.

"Usavutike. Amayi ndawalonjeza kuti Khirisimasi ino ndiwabweretsera mpongozi. Upita nane, wapamtima wanga? Undilola?"

Onse m'salunimo anatembenukira kwa Namitengo, zipeso zili m'malere.

"Ndikulola," anatero Namitengo akupukuta misozi.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, ndipo kasitomala wa mutu watheka uja ndi amene anayamba kuvina.