Teleza Wasiya Kuthira Mchere

Amayi a Bizwick anachoka kwa Changata kudzacheza masiku atatu, koma mwezi unatha akadali m'kanyumba ka pa esiteti ya tiyi, maso ali pa mpongozi wawo Teleza.

Bizwick anali kapitawo wa othyola tiyi, munthu wodzimva chifukwa cha kabudula wa khaki amene mzungu anamutayira. Chikoti choopsezera anthu kumunda ankabweranso nacho kunyumba. Teleza analira zaka zisanu mpaka misozi inamukwana.

Gogoyo anaona kanthu. Nandolo akapsa, Teleza ankati, "Amayi, tandithirirani mchere, m'manja mwanga muli phulusa." Mawa lake chifukwa china. Koma ndani sadziwa kuti mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, odyawo amadwala mdulo, kutupa miyendo mwinanso kufa kumene?

Lamlungu masana gogoyo anadikira mwana wawo Bizwick akhale pamkeka, kenaka anaika chipanda cha mchere patsogolo pa Teleza.

"Lero muthire nokha, apongozi. Kaya manjawo ali ndi phulusa."

Teleza anayang'ana mwana wake Magdalena, wa zaka zitatu, atagwira kambale kudikira ndiwo. Misozi inatsika.

"Ndiwo zimene adye mwanayu sindithira."

"Wamva, Bizwick? Wavomera yekha, wopanda manyaziyu!" anakuwa gogoyo. "Ndani ameneyo?"

"Ndi a Yesaya, opala matabwa a kwa Goliati. Amandifunsa ngati ndadzuka bwino. Mwana wanuyu anandifunsapo liti?"

Bizwick anadzuka, chikoti kumanja. "Iwe, ukundidziwa ine? Ndine kapitawo! Thira mcherewo, ndakulamula!"

Wosauka nzeruyo, kuzolowera kulamula, sanamve n'komwe chimene ankapempha.

Teleza anapukuta misozi. Anapakulira mwana ndiwo zopanda mchere, napakuliranso apongozi ake. Zotsalazo anakhuthulira m'mbale ya mwamuna wake, anatapa mchere wodzaza dzanja, nkuwaza pang'onopang'ono onse akuona.

"Zanu ndathira ndi mtima wonse, a kapitawo. Idyani."

Mwamuna amene ankanjenjemeretsa anthu makumi asanu anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Amayi ake anamugwira mkono uku akulira kuti asakhudze.

Teleza anabereka mwana, namenyetsa chitseko, nalowera njira ya kwa Goliati. Anawasiya awiriwo ataima kukhoma, akuopa mbale ya nandolo.