Timba ndi Nsalu Yofiira

Timba anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankamutcha Timba chifukwa anali wochepa ngati kambalame. Tsiku lina Timba ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna nsalu yofiira.

Kunja kunagwa mliri. Anthu ambiri ankatsokomola. Sukulu ya mpingo, kumene Timba ankaphunzira, inatsekedwa. Ana sankatuluka m'nyumba.

Tsiku lotseka sukulu, Aphunzitsi anapatsa mwana aliyense nsalu ziwiri. Ina yobiriwira. Ina yofiira.

"Tamverani bwino," anatero Aphunzitsi. "Mukakhala bwino, pachikani yobiriwira pazenera. Wina akadwala, pachikani yofiira. Ine ndizidutsa pa njinga. Ndikaona yofiira, ndiziima."

Aphunzitsi ankadutsa kawiri pa tsiku. M'mawa popita. Masana pobwerera. Ankayang'ana pazenera n'kuliza belu la njinga. Ngiri ngiri!

Koma m'mawa wina Amayi sanadzuke. Thupi linatentha. Ankatsokomola. Khanda lawo linkalira. Abambo anali kutali kuntchito. Mabasi sankayenda. Foni inali ndi Abambo.

Timba anabweretsa madzi m'kapu.

"Usayandikire, mwanangu," anatero Amayi. "Ika pampandopo."

"Amayi, ndipachika yofiira."

Amayi anangotsokomola.

Timba anayang'ana m'kabati. Munalibe. Anayang'ana kunsi kwa bedi. Kunalibe. Anakhuthula dengu la zovala. Munalibenso.

Ngiri ngiri!

Timba anathamangira pazenera. Nsalu yobiriwira inali ikadali pomwepo. Aphunzitsi anaiona. Anaganiza kuti onse ali bwino.

"Aphunzitsi! Aphunzitsi!"

Sanamve. Njinga inali itakhota kale.

Timba anabwerera kuchipinda. Anaima pakhomo.

"Amayi, nsalu yofiira ili kuti?"

Amayi anagwira kumaso. "Mayo ine! Ndinaidula."

"Munaidula?"

"Ndinasokera mamasiki athu aja. Nsalu yabwinobwino izingogona m'kabati? Ndinkati ife sitidwala."

Misozi inalengeza m'maso mwa Timba. Koma sanalire. Khanda linali likulira kale. Olira awiri achuluka.

Mamasiki anali pamsomali, kuseri kwa chitseko. Ina ya Amayi. Ina ya Timba. Onse ofiira psu!

Timba anachotsa nsalu yobiriwira pazenera. Analumikiza mamasiki aja ndi zingwe zake. Anawapachika. Kenako anawayang'ana.

Anali aang'ono. Aang'ono kwambiri. Munthu wa pa njinga angawaone? Mwina angati taayanika chabe.

Timba anatenga tsache la mtengo wautali. Anamangirira mamasiki kumutu kwa tsachelo. Analitulutsira pazenera. Analigwira ndi manja awiri.

Anadikira.

Panadutsa galu. Sanali Aphunzitsi.

Panadutsa galimoto ya zinyalala. Sanali Aphunzitsi.

Manja anatopa. Miyendo inatopa. M'mimba munalira njala. Amayi anatsokomolanso kuchipinda.

"Timba, khala pansi, upume."

"Ayi, Amayi. Angadutse."

Nanga akadzera njira ina? Nanga nawonso akadwala? Timba anapemphera chamumtima. Tsache sanalisiye.

Ngiri ngiri!

Timba anagwedeza tsache. Uku ndi uku! Uku ndi uku!

Njinga inafika pageti. Sinaime. Inapitirira pang'ono.

Kenako, kwiii! Aphunzitsi anaponda pansi. Anacheuka.

"Iwe Timba! Ukusesa mitambo?"

"Ayi, Aphunzitsi! Ndi yofiira! Amayi akudwala!"

Aphunzitsi anasiya kuseka. "Ndamva, mwanawe. Usatuluke. Ndikubwera pompano."

Anapalasa njinga mwamphamvu.

Posakhalitsa anabwera ndi Anamwino a kuchipatala cha mpingo. Aphunzitsi anaima pageti. Anamwino anavala masiki ndi magolovesi. Analowa. Anawayeza Amayi. Anawapatsa mankhwala. Anatsekula mazenera onse.

"Achira?" anafunsa Timba.

"Achira. Watiitana nthawi yabwino," anatero Anamwino. "Tsopano tula tsachelo. Tiye ukasambe m'manja."

Anamwino anaimbira foni Azakhali. Azakhali anabwera kudzasamala Timba ndi khanda.

Tsiku lililonse amayi a mpingo ankafika. Ankasiya chakudya ndi sopo pakhomo. Ankagogoda n'kubwerera m'mbuyo. Ankapemphera ali pageti. Timba ankayankha ali pazenera. "Ameni!"

Tsiku loyamba Amayi anangogona. Tsiku lachitatu anakhala tsonga. Tsiku lachisanu anadya zonse za m'mbale. Patatha milungu iwiri anafunsa, "Tsache langa lili kuti?"

M'mawa mwake pageti panali kaphukusi. Munali pepala la masamu. Munalinso nsalu yofiira yatsopano.

Amayi anaigwiragwira. Anaikoka uku ndi uku.

"Koma ndiye ndi yolimba! Ingatuluke kathumba kabwino."

"Amayi!"

Timba anaitsomphola. Anaipinda bwinobwino. Anaiika m'chikwama chake cha kusukulu. Chikwamacho anachikhalira.

Azakhali anaseka. Amayi anaseka mpaka misozi. Khanda nalo linaseka, osadziwa chosekacho.

"Chabwino, abwana," anatero Amayi. "Sungani inuyo."

Amayi anatenga nsalu yobiriwira. Anagwira mbali iyi. Timba anagwira mbali iyo. Anaipachika pazenera.

Ngiri ngiri!

Aphunzitsi anayang'ana pazenera. Anakweza dzanja. Njinga sinaime.