Galimoto Imene Sankandikweza

Mvula inamupeza Eveless pasiteji ya minibasi ku City Centre ataweruka kuntchito. Pafupi naye panaima galimoto yakale ya Sienta, yosuluka penti, ndipo woyendetsa anatsitsa galasi.

"Achemwali, nkhope yokongola chonchi isanyowe. Ndine Wilbert, ndimagwira ntchito ku Capital Hill. Kwerani."

Pofika ku Area 15, komwe Eveless ankakhala ndi amalume ake, nambala ya foni inali itaperekedwa kale.

Chikondi chinayaka. M'mawa uliwonse uthenga unkalowa: "Wapamtima wanga, ndiwe wekha basi. Chaka chisanathe ndikuveka mphete."

Koma kanthu kena kankamusowetsa mtendere mtsikanayu. Wilbert anali ndi galimoto ina, Prado yatsopano yonyezimira. Pachithunzi chake cha pa WhatsApp anali ataitsamira monyada. Koma kumukweza Eveless, ayi ndithu, ngakhale kamodzi.

"Bwanji ine umangonditengera m'chigalimoto chakalechi?" anafunsa tsiku lina.

Wilbert anaseka. "Dali, yakaleyi ndi yokhulupirika. Mafuta imamwa pang'ono, malo ndi ambiri, ikavuta makaniko aliyense ku Old Town amaikonza. Inayo ndi yodzionetsera chabe. Ndikusungira tsiku la ukwati wathu."

Mawu okoma, eti? Koma mtima wa Eveless unakana. Mwamuna wanji wobisira bwenzi lake chinthu chimene amaonetsa dziko lonse? Kapena ankachita naye manyazi?

Linafika Loweruka loti Wilbert akaonekere kwa amalume. Apa Eveless anauma mtima.

"Ubwere ndi yatsopano. Ukabwera ndi Sienta, pageti usagogode n'komwe."

Wilbert ananyengerera mpaka kutopa, kenako anagonja. Anakamutenga kumsika ku Old Town, komwe Eveless anakagula nkhuku ya mlendo wake.

Mkati mwa Prado munali mozizira bwino, mipando yachikopa, kafungo kosangalatsa. Eveless anayamba kudziimba mlandu. Nanga ankamukayikiriranji mwana wa eni ake?

Ali pamlatho, nyimbo inaduka. Kawailesi ka m'galimotomo, komwe kanali katadzilumikiza kokha ndi foni ya Wilbert, kanawala n'kuonetsa dzina: Mayi a Joy. Wilbert anathamangira kuti adule, koma chala chinaphonya n'kudina poyankhira. Mawu a mzimayi anadzaza galimoto yonse.

"Bambo a Joy, mwatengeranji galimoto yanga? Si ndinakuuzani kuti ndikupita nayo kuchinkhoswe ndi ana? Sienta yanu ili pano, bwerani mudzatenge."

Wilbert anadula foni. Nkhuku yokha ndiyo inkaphupha kumbuyo.

"Dali, ndikufotokozera..."

"Imitsa galimoto."

"Wapamtima, ine ndi mayi amenewa zinthu zinasokonekera kalekale."

"Ndati imitsa!"

Anaima. Eveless anatsika, n'kutenga nkhuku yake. Misozi inali ikutsika, koma mawu ake sananjenjemere.

"Pa zonse unandiuza, chimodzi chokha ndiye chinali choona. Yakale ija ndi yokhulupirikadi. Miyezi isanu yathunthu yakusungira chinsinsi."

Anakwera minibasi, nkhuku ili pamiyendo. Kunyumba anapeza amalume atavala jekete ndi tayi, atakhala pakhonde, malo oimikapo galimoto atasesedwa bwinobwino.

"Nanga mlendo uja ali kuti, mphwanga?"

Eveless anagwada, n'kuika nkhuku pansi.

"Vulani jekete, amalume. Nkhukuyi tidya tokha."