Dzanja Limene Wietske Anakweza

Wietske Bouma anakulira pakhomo labwino m'tauni yathu ku Friesland. Bambo ake, a Sjoerd, ankaweta ng'ombe zamkaka m'mbali mwa ngalande, ndipo mayi ake, a Aaltje, ankaimbitsa kwaya kutchalitchi. Mtsikanayu ankalankhula mosapsatira, moti anthu anamusankha kukhala khansala akadali wamng'ono.

Tsiku lomulumbiritsa, akupalasa njinga kubwerera kunyumba, bambo ake anati, "Mwanawe, mpandowu eni ake ndi anthu. Munthu akakugulira chakudya, uzimufunsa chimene akufuna."

"Ababa, mwayambatu ulaliki. Ine si mwana."

Posakhalitsa kunabwera mayi Van Oordt, wolankhulira kampani yopanga penti yomwe inkafuna chilolezo chotayira madzi oipa a kufakitale m'ngalande. Anayamba ndi kumugulira Wietske khofi ndi keke. Kenako nkhomaliro ku Amsterdam, kenako mipando ya mabwana kumpira.

"Mutu ngati wakowu ukuthera pa nkhani za malo oimika njinga?" anatero mayiyo. "Pachisankho chikubwerachi zikwangwani zako tilipira ndife. Ukadzatopa ndi ndale, kwathu kuli ofesi yako."

"Nanga madziwo alibe vuto?"

"Akatswiri athu anayeza kale. Iwe ungokweza dzanja basi."

Lamlungu lina Wietske anafika kwawo pa galimoto yatsopano. Mayi ake sanaiyamikire.

"Yachokera kuti imeneyi?"

"Andibwereka a kampani ya penti, amayi."

"Kabweze lero lomwe, usanayambe kuwaopa eni akewo."

"Inu ndale simuzidziwa. Popanda makampani tauni ino ifa."

Tsiku lovotera chilolezo cha kampani ija holo inadzaza ndi alimi ndi makolo. Makhansala anagawikana pakati, ndipo voti yotsala inali ya Wietske, amene analonjeza anthu kuti adzakana. Anakweza dzanja lovomera maso ali pansi.

"Anakuvotera ndani iwe, ife kapena penti?" anakuwa mlimi wina kumbuyo.

Chaka chisanathe nsomba zakufa zinayandama m'ngalande. Fakitale ya tchizi inakana mkaka wa kudera lathu, ndipo akuluakulu a zaumoyo analamula kuti ng'ombe zonse zomwa madziwo ziphedwe. Za a Sjoerd zinali momwemo. Apolisi atayamba kufufuza, Wietske anaimbira foni mayi Van Oordt.

"Pepani, mayi Bouma," anayankha mozizira. "Kampani yathu sigula makhansala. Galimotoyo munachita kupempha nokha."

Kampaniyo inalemba maloya, inalipira chindapusa, ndipo mpaka lero ikupanga penti. Wietske anachotsedwa pampando, ndipo khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wa ziphuphu.

Asanapite kundende anakapeza bambo ake akusesa m'khola lopanda kanthu.

"Ababa, ndikhululukireni."

A Sjoerd anatsamira tsache. "Ine ndakhululuka, ndiwe mwana wanga. Koma sunalakwire ine ndekha. Pita khomo lililonse la m'mbali mwa ngalande, ukagogode wekha."

Anapitadi, wapansi. Ena anamutsekulira n'kumumvetsera ali chiimire. Ambiri anangomuyang'ana pawindo.

Achinyamata, mudzapatsidwa udindo, ndipo olemera adzakupezani akumwetulira. Musalandire kanthu kwa munthu amene nkhani yake ikudikira voti yanu. Mukalandira, mwagulitsa anthu amene anakutumani, ndipo zikadzavuta wokugulaniyo adzakana kuti sakudziwani.