Kusiyana Pamwamba, Chiyambi Pansi

Inawakumanitsa ndi mvula. Pa siteji ya basi panali kadenga kamodzi kokha, ndipo mtsikana wina anapezeka waima phewa ndi phewa ndi mnyamata wa jekete yabuluu amene ankadzikanda m'mutu, maso ali papepala. Pepalalo analizindikira. Nayenso ankakonzekera mayeso omwewo, a masamu othamangitsana ndi nthawi, amene kampani ina yaikulu inkasankhira anthu oti iwalembe ntchito.

Anayesa kuugwira mtima, koma pakamwa panamuyabwa.

"Pepani achimwene, apo mwaphonya."

"Ndaphonya bwanji? Makasitomala anali 80, afika 100. Si 20 peresenti imeneyo?"

"Ndi 25. Mwagawa ndi nambala yatsopano. Tamverani: kusiyana pamwamba, chiyambi pansi, usapupulume mwana wa amayi!"

Mnyamatayo anaseka chikhakhali. "Nanga mwana wa amayiyu walowa bwanji m'masamu?"

"Ndinangopeka ndekha. Ndikayamba kunjenjemera, mawuwa amandikhazika mtima pansi."

"Ndiye kuyambira lero ndinu Namasamu. Nambala ya foni yanu ndingaipeze ndi njira iti?"

Basi inabwera, inapita. Palibe anakwera.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankakumana mulaibulale, pa tebulo la pafupi ndi zenera. Namasamu anamukhuthulira nzeru zake zonse: peza kaye 10 peresenti posuntha kadontho, theka lake ndi 5, zotsalazo ndi kungophatikiza. Mnyamatayo ankalemba chilichonse mwakhama, ngakhale nthabwala. Mtsikana wa anthu ankangoti wapeza mwamuna wakhama. Akanadziwa!

Mauthenga ndiye ankachita kusefukira.

"Namasamu wanga, kuwala kwa maso anga, lero chikondi changa chakwera ndi 100 peresenti."

"Kuchokera pa zingati? Chiyambi pansi, bambo!"

"Tikangolowa ntchito tonse awiri, mphete ikukupeza. Ndikulonjeza, sindidzakusiya."

Mkulu wake wa Namasamu sizinkamukomera. "Iwe, munthu woti kwawo sukudziwako, madzulo foni amazimitsa? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ndi nsanje imeneyo, achemwali," anatero iye akuseka. Kodi munthu wokonda amamva?

M'mawa wa tsiku la mayeso uthenga unalowa: "Andiika m'chipinda china, wokondedwa. Tionana pomaliza. Usapupulume!"

Namasamu anakhala pa benchi mukhonde, mapensulo awiri ali m'manja. Pambali pake panali mayi wina woyembekezera, wankhope yofatsa, mphete ikung'anima pachala. Mayiyo anatsinzina, milomo ikugwedera.

"Kusiyana pamwamba, chiyambi pansi, usapupulume mwana wa amayi."

Mtima wa Namasamu unagunda kuti thi! Mawu ake omwe, m'kamwa mwa mlendo?

"Pepani mayi, zimenezo mwazimva kuti?"

Mayiyo anaseka mwamanyazi. "Amuna anga. Iwo ali kale pa ntchito, sakulemba nawo. Ine ndi mimbayi sindikanatha kuyendera maphunziro, ndiye akuti anapeza kamtsikana kena ka pa siteji kodziwa masamu. Loweruka kamawaphunzitsa, iwo n'kudzandiphunzitsa ine madzulo. Taonani, si awo ali pa getiwo?"

Namasamu anasuzumira pazenera. Jekete yabuluu ija inali pomwepo. Mwini wake anali atanyamula ambulera ndi chikwama cha mkazi wake.

Kamtsikana kena ka pa siteji! Ndiye dzina lake lenileni linali limeneli? Nanga kuwala kwa maso kuja? Nanga mphete ija? Anamva kuwawa kumene sanakumvepo chibadwire, koma woyang'anira mayeso anali atatsegula kale chitseko.

Funso loyamba linali losavuta: katundu wogulitsidwa watsika kuchoka pa 100 kufika pa 80. Yankho ankalidziwa ngati dzina lake. Koma atangoti anong'one mawu ake aja, anasiyira panjira. Mawu amene ankamukhazika mtima pansi tsopano ankamubaya. Manambala anayamba kusambira m'misozi, wotchi ya pakhoma osamudikira. Pa desiki yoyandikana nayo, pensulo ya mayi uja inkangothamanga.

"Nthawi yakwana, ikani mapensulo pansi!"

Theka la pepala lake linali loyera.

Kunja mvula inali itayambanso. Mayi uja anamugwira dzanja ngati mnzake wakalekale, n'kumukokera ku geti.

"Bwerani muwaone amuna anga. Bambo, zayenda! Mafunso onse aja anabwera. Chonde mukakathokoze kamtsikana kaja, mukakauze kuti Mulungu akadalitse."

Mnyamatayo anauma gwa. Ambulera inapendekeka m'manja mwake, madzi n'kuyamba kumuthira paphewa.

Namasamu anayang'ana mimba ya mayiyo, kenako nkhope yake yosangalala. Mayiyu analakwanji?

"Musawatume, mayi," anatero motsitsa mawu. "Kamtsikanako kamva kale."

Anayenda pamvula mpaka pa siteji paja. Basi yoyamba itangoima, anakwera.